Maganizo anga pa ma enzyme oyendera kuwala

Anzanga, kafukufuku wa ma enzyme oyendera kuwala ndimamuikira kumbuyo ndi mtima wonse, ngakhale zipatso zake sizinapse.

Ma enzyme ndi mapuloteni amene amafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi la chamoyo. Ochepa okha ndi amene amadalira kuwala kuti agwire ntchito. Mu 2017, gulu la Fred Beisson ku Cadarache, ku France, linapeza imodzi mu ndere zotchedwa Chlorella. Ikaombedwa ndi kuwala kwa buluu, imasandutsa zidulo za m'mafuta a zomera kukhala mankhwala a mtundu wa dizilo, popanda ng'anjo yamoto kapena zitsulo zodula.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ntchito ya José Avalos ndi anzake pa yunivesite ya Princeton, ku America, mu 2018. Iwo anasintha yisiti kuti izimvera nyale. Nyale ikayaka, yisiti imakula ndi kuchulukana, n'kumatulutsa ethanol monga mwa chibadwa chake. Ikazima, yisitiyo imasiya zimenezo n'kuyamba kupanga isobutanol, mafuta amphamvu kuposa ethanol. Vuto lakale linali loti ukaletseratu yisiti kupanga ethanol, imalephera kukula pa shuga. Nyale inathetsa mkanganowu. Komanso mankhwala olamulira zochita za yisiti ukawathira mu thanki sungawatapemo, pomwe nyale umangoizimitsa.

Ku Dwangwa ndi ku Chikwawa yisiti imawiritsa kale zotsalira za nzimbe kukhala ethanol amene amasakanizidwa ndi petulo. N'chifukwa chake nkhaniyi sindiiona ngati ya azungu okha.

Zovuta zilipo ndithu. M'kabotolo ka mu labotale kuwala kumafika paliponse, koma mu thanki yaikulu yodzaza madzi okhuthala kumathera m'mbali, pakati n'kukhala mdima. Enzyme ya mu ndere ija imaonongekanso msanga ndi kuwala komweko kumene kumaipatsa mphamvu. Ndipo ngati nyalezo zikuyatsidwa ndi magetsi a malasha, kunena kuti tikusamala chilengedwe n'kudzinamiza.

Choncho ndalama zisamangopita kwa opeza enzyme yatsopano. Zipitenso kwa mainjiniya okonza mathanki oloza kuwala mpaka pakati, ndi kwa amene akulimbitsa ma enzyme pogwiritsa ntchito njira yosankha ndi kubereketsa mapuloteni imene inapatsa Frances Arnold mphoto ya Nobel mu 2018. Ntchito yawo simveka kwambiri pa nyuzi, koma popanda iwo zonsezi zidzathera m'kabotolo.