Mukavuuka m'madzi, khalani pansi!

Ndakhumudwa kwambiri ndi nkhani ya mnyamata wina wosambira ndi scuba (zida zopumira munthu ali pansi pa madzi), amene analowa kawiri pansi pa nyanja tsiku limodzi, ndipo atangovuuka anayamba kukoka nangula ndi manja, kenaka nasenza masilinda awiri a mpweya kukwera nawo chitunda kuti anzake amutame mphamvu. Pofika madzulo phewa linali likuphwanya ndipo miyendo inali itachita dzanzi. Chomvetsa chisoni ndi chakuti anali ndi satifiketi ya maphunziro ake m'thumba. Nanga m'kalasimo ankamvera chiyani?

Inu nonse amene mumalowa pansi pa madzi mukudziwa bwino kuti pa mamita 10 okha mphamvu yopanikiza thupi imakhala itawirikiza kawiri, ndiponso kuti nayitirojeni imene thupi lamwa kumeneko imakhala ikutulukabe pang'onopang'ono kwa maola ambiri munthu ali kale pamtunda. Mumakwera mosamala, mumaima mphindi 3 pa mamita 5 mukuyang'anitsitsa kompyuta yapamkono, koma mutu ukangotuluka kunja nzeru zonse mumazisiya m'madzi momwemo. Wina akuthamanga mumchenga, wina akumenya mpira, wina wapita kukanyamula zitsulo chifukwa akuti sangadumphe tsiku la jimu, winanso akukwera makwerero a boti atavala zida zonse pamene pali anthu oti amulandire. Kodi mukuthamangira kuti? Botolo la chakumwa cha gasi mungalikhutchumule musanalitsekule? Nanga thupi lanu mukulikhutchumuliranji?

Kulimbitsa minofu mwamphamvu chonchi kumautsa tithovu ta mpweya wa nayitirojeni uja m'magazi ndi molumikizana mafupa, ndipo tithovuto ndi timene timabweretsa decompression sickness, nthenda imene Paul Bert, wasayansi wa ku France, anaonetsa gwero lake kale mu 1878. Nthenda yomweyi inalumaza Washington Roebling, injiniya wa mlatho wa Brooklyn ku New York, amene sanali munthu wosasamala ngati ena a inu. Komanso pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi aliwonse ali ndi kabowo pakati pa zipinda za mtima kotchedwa PFO, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nako. Munthu wotere akamakakamira kunyamula katundu wolemera atagwira mpweya, tithovu timene mapapo akanatisefa tingathe kudutsira pakabowoko ndi kulunjika ku ubongo. Mwayezetsa liti mtima wanu kuti muzidzitama chotere?

Bungwe la Divers Alert Network, loona za chitetezo cha osambira pansi pa madzi, limalangiza kupewa masewera olemetsa thupi kwa maola 24 munthu akatuluka m'madzi, ndipo limati asanakwere ndege adikire maola osachepera 12 ngati walowa kamodzi, kapena 18 ngati walowa kangapo. Kukwera phiri lalitali, kaya wapansi kaya pa galimoto, kuli m'gulu lomwelo. Koma onani amene amathamangira kubafa la madzi otentha, ena kukasisitidwa minofu, ena kumowa thupi lili louma kale, ngati kuti malangizowa analembera anthu ena.

Chimene chimandikwiyitsa koposa ndi bodza lodzinamiza nalo zizindikiro zikayamba. Phewa likawawa mumati ndi silinda ija munanyamula, kutopa mumati ndi dzuwa, chizungulire mumati ndi mafunde. Mwadzisokoneza nokha, pakuti mukanakhala pansi osanyamula kanthu mukanadziwa msanga kuti ululuwo wachokera kuti. Maola amene mumataya mukukanakana ndi amene munayenera kukhala mutagona pansi, mukupuma okosijeni, mukupita kwa dokotala ndi ku chipinda chopanikiza mpweya chochizira nthendayi, chimene nthawi zambiri chimakhala kutali. Ndipo amene amati abwerere m'madzi kuti akadzichize okha, awo ndiye ndilibe nawo mawu.

Mukufuna kuti mudzaphunzire mutafa miyendo, mkodzo ukukanika kutuluka? Imwani madzi, khalani pamthunzi, masilindawo anyamule amene sanalowe m'madzi. Uchamuna wanuwo mudzauonetse mawa.