Musandifunsenso za chilumba cha ku Dubai

Ndangokhala masabata awiri kuno ku Blantyre, koma aliyense amene ndakumana naye, kaya mu Limbe kaya kwathu ku Chilobwe, funso lake ndi limodzi: achimwene, chilumba chooneka ngati mtengo wa kanjedza chija munachiona? Ee, ndinachiona. Ndimagwira ntchito pomwepo, yothirira maluwa ndi kusesa.

Dzina lake ndi Palm Jumeirah. Kale pamenepo panali madzi okhaokha. Anayamba mu 2001, zombo zikuyamwa mchenga pansi pa nyanja n'kumaulavula pamalo amodzi mpaka mtunda unatulukira. Mchenga wa m'chipululu anausiya chifukwa ndi wosalala, sugwirana. Kenako anaunjika miyala yochokera kumapiri, khoma la makilomita pafupifupi 11, kuti mafunde asakokolole chilumbacho. Madzi a mkati atayamba kuima ngati chithaphwi, khomalo analidula mipata kuti aziyenda. Hotela ya Atlantis, yomwe anatsegula mu 2008, ili pakhoma lomwelo.

Luso limeneli sindilinyoza, abale anga. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu amene anatha kupanga nthaka pakati pa nyanja sanaganizeko za pogona pa ife oisamala. Timagona kutali, anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, mabedi osanjikiza, zovala zonyowa ndi thukuta zitapachikidwa pamutu. Basi imatitenga kusanache, kubwerera ndi usiku. Kuyambira June mpaka September lamulo limaletsa ntchito ya padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko, koma nthawi imeneyo timangokhala mumthunzi wa mpanda, kunja kukuotcha ngati uvuni wa njerwa. Wotilembera ntchito kuno kumudzi anandiuza malipiro ena, pepala limene ndinasayina kumeneko linanena ena. Pasipoti abwana anaisunga, ngakhale lamulo lawo lomwe silitero. Kuti andipatse ulendo uno ndinachita kugwada.

Ndinapita chifukwa cha namondwe wa Freddy. Mu March 2023 matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nyumba ya amayi inapita. Ndinati ndikagwire zaka ziwiri, ndiwagulire puloti pamalo abwino. Mpaka lero akuchita lendi chipinda chimodzi, ndipo ndalama za ulendo ndinatenga katapila amene sanathebe.

Ndiye tangoganizani mmene mtima umandichitira ndikaona The World, zilumba zina pafupifupi 300 zimene anaziyala ngati mapu a dziko lonse. Anayamba mu 2003, chuma chitavuta mu 2008 ntchito inaima, ndipo zambiri zinangokhala milu ya mchenga yopanda munthu. Nthaka yonseyo ili gwaa padzuwa, pamene amayi anga mvula ikangoyamba kugwa padenga tulo tawo timathera pomwepo.

Dzulo mphwanga wandipempha nambala ya amene ananditumiza uja. Ndamukaniza, ndipo wakwiya, akuti ndikufuna kudya ndekha. Lachisanu ndikukwera ndege pa Chileka kubwerera, chifukwa wakatapila akudikira.