Kandalama kapulasitiki ka masenti 10 komwe ndagula madola atatu

Loweruka ndinali pa msika wa kaunjika kuno ku Ohio, kufuna jekete la nyengo yozizira. Jeketelo sindinalipeze. Ndinaima pa tebulo la bambo wina wachikulire wogulitsa makobidi akale, ndipo m'kambale ndinaona tindalama tapulasitiki, tofiira, tobiriwira, tachikasu, topepuka ngati mabatani a malaya. Kalikonse kali ndi dzina la golosale mbali imodzi, mbali inayo mtengo: senti imodzi, 5, 10, 25, 50.

Nkhani yake ndi iyi. Boma la America linayamba kupereka makuponi ogulira chakudya mu 1939 ku Rochester, New York, ndipo mu 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lowakhazikitsa. Eniake amawatcha ma food stamp. Vuto linali pa chenji. Kwa zaka zambiri wogulitsa sankaloledwa kubweza ndalama yeniyeni, poopa kuti wosauka akagulira fodya kapena mowa. Ndiye magolosale ankapangitsa tindalama tawotawo, togwira ntchito pa golosale yomweyo basi.

Apa ndiye pandikhudza. Taganizani mayi wagula mkaka ndi buledi, chenji chake masenti 35, akumupatsa mapulasitiki awiri anthu pamzere akuona. Mawa akapeza mazira otchipa kutsidya kwa msewu, mapulasitikiwo alibe ntchito, abwerere konkuja. Kwathu timadandaula wa golosale akatibwezera masiwiti m'malo mwa chenji, koma siwiti umapatsako mwana n'kutha. Ine ndimaona kuti lamulo lija linkauza wolandira thandizo kuti sitikukhulupirira ngakhale pa masenti. Ena anena kuti ndalama za boma zimafunika kuzilondera. Chabwino, ndamva. Koma kulondera masenti 10 m'manja mwa mayi wanjala, zoona?

Mu 1979 analola kubweza ndalama yeniyeni mpaka masenti 99, tindalamati n'kutha ntchito. Lero thandizoli amalitcha SNAP, dzina la mu 2008, ndipo munthu amangodutsitsa khadi pa makina ngati wina aliyense.

Osonkhanitsa makobidi sindikulimbana nawo ayi. Pakanapanda iwo, zonsezi zikanathera kudzala, ine sindikanazidziwa n'komwe. Ndipo inenso ndagula kamodzi, ka masenti 10, pa madola atatu. Akazi anga aseka mpaka misozi, ati ndapita kukagula jekete ndabwera ndi batani.

Chomwe sichikundichoka m'mutu ndi zomwe ananena bambo aja pondipatsa. Akuti todula kwambiri ndi ta magolosale ang'onoang'ono a kumidzi omwe anatsekedwa kalekale, chifukwa ndi tosowa. Ndinawafunsa kuti nanga amene anali nato m'chikwama tsiku lomwe golosaleyo inatsekedwa, anakagulira kuti? Anangokweza mapewa, n'kutembenukira kwa kasitomala wina.