Gemu ya tindege imadziwika ubwino wake mukafa

Anzanga okonda magemu akale a tindege towomberana, ndili ndi maganizo amene ena mwa inu muwakana. Mukafuna kudziwa ngati gemu yotere anaipanga mwanzeru, musaiweruze pamene ndege yanu yadzaza zida. Iweruzeni pa zimene imakuchitani mukangofa koyamba.

Tiyambe ndi Gradius, imene kampani ya Konami inatulutsa mu 1985. Ndege yake, Vic Viper, imayamba ili yaulesi, kamfuti kamodzi koloza kutsogolo basi. Mukapha gulu lonse la adani, kapena mdani wofiira, pamatsala kapisozi. Kapisoziyo sakupatsani chida pompopompo ayi. Amangosuntha kuwala pa mzere umene uli m'munsi mwa sikirini: Speed Up, Missile, Double, Laser, Option, ndipo kumapeto kuli chizindikiro cha funso, chomwe ndi chishango. Kapisozi mmodzi amagula liwiro, awiri mizinga yogwera pansi, asanu Option, kampira kowala kamene kamalondola ndege yanu n'kumawombera pamodzi nanu. Mukadina batani ndiye kuti mwagula, mzere uyambiranso. Choncho mutu sugona: ndigule kakang'ono panopa, kapena ndipirire mpaka makapisozi akwane asanu? Pa makina a arcade, aja oponyamo khobidi kuti usewere, ma Option amafika anayi, ndipo munthu amene wawasonkhanitsa onse, laser ili m'manja, chishango chili kutsogolo, adani amatha asanaonekere n'komwe bwinobwino.

Kenaka chipolopolo chimodzi, kapena kungokhudza khoma. Zonse zapita. Gemu imakubwezani m'mbuyo pamalo amene opanga anasankhiratu, pa checkpoint, muli chimanjamanja, koma adani a gawo limenelo anawakonzera munthu wa zida zokwana. Mufa, mubwerera pompo, mufanso, miyoyo yonse kutha pakakona kamodzi. Osewera anafika polipatsa dzina vutoli, amati Gradius syndrome. Ngakhale Kazuhisa Hashimoto, amene ankasamutsira gemuyi pa Famicom, makina a Nintendo osewerera kunyumba, mu 1986, inamukulira pomaiyesa. N'chifukwa chake anabisamo njira yachidule ija yotchuka: m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A, ndege n'kulandira zida zambiri nthawi imodzi.

Ambiri amati uku kunali kungofuna ndalama. Ku Japan kusewera kamodzi kunali 100 yen, ndipo mwini makina sangakondwe ndi munthu wokhala pampando masana onse ndi khobidi limodzi. Zoona zilimo, sindikana. Koma taonani bwino njira inayo, imene anthu amaitcha yachifundo.

Mu Salamander ya 1986, ya Konami yomweyo, mukafa simubwerera m'mbuyo. Ndege ina imatulukira pomwepo, ndipo ma Option anu amayandama pa sikirini kwa kanthawi, mukafulumira muwatolanso. DoDonPachi ya Cave, ya 1997, imachita zofananako: ndege yatsopano imabwera ikuthwanima, zipolopolo siziigwira kwa masekondi ochepa, ndipo zina mwa mphamvu zanu zimamwazika kuti muzitole. Zimakoma, gemu siima. Komatu apa m'pamene ndalama zimagula njira. M'magemu ngati DoDonPachi, miyoyo ikatha muponya khobidi lina, mupitiriza pamene munafera, mufanso, muponyanso, mpaka mwafika kumapeto osadziwa n'komwe kuti mdani wamkulu wa gawo lachitatu amawombera motani. Pa checkpoint zimenezo kulibe. Kaya thumba lanu ndi lolemera bwanji, malo amene akukukanikani akudikiranibe mpaka muwaphunzire. Tsono wokonda ndalama kwambiri ndi uti pamenepa?

R-Type ya Irem, ya 1987, ndiyo imandichititsa kukakamira mbali ya checkpoint. Chida chake chachikulu ndi Force, mpira umene susweka, womwe mumaumangirira kutsogolo kapena kumbuyo kwa ndege, kapenanso kuuponya pakati pa adani. Adani amatuluka malo omwewo nthawi zonse. Mukafa Force imapita, koma mumatsala ndi mfuti imene imadzaza mphamvu mukagwira batani kwa kanthawi, ndiye gawo lomwe mumalidziwa lija limasanduka funso latsopano: ndiime pati, ndiwombere chiyani choyamba, kuti ndikafike pa karoboti konyamula chida ndisanaphedwe? Katswiri weniweni wa R-Type amadziwa njira ziwiri pa gawo lililonse, ya wolemera ndi ya wosauka. Ya wosaukayo ndiyo imathamangitsa mtima, ndipo amene amangodzuka pomwe anafera saiona n'komwe.

Pamene ndimagwirizana ndi odandaula ndi pa liwiro. Kundilanda laser ndi chilango, ndachilandira. Koma kundilanda liwiro kuli ngati kulanda mlimi khasu n'kumuuza kuti abweze ngongole ndi zokolola: popanda liwiro sindingathe kuzemba, ndiye kapisozi woti ndigulire liwirolo ndikamufikira bwanji? Opanga Gradius ankalidziwa vutoli, moti m'magemu a mtunduwu mukafa muli ndi kapisozi wosagwiritsa ntchito pa mzere paja, mumadzuka kuwala kuli pa Speed Up. Osewera ochenjera amasunga kamodzi dala. Komabe pa Gradius III ya arcade, ya 1989, pali malo ena oti mukafera pamenepo ambiri amangodzuka pampando. Pamenepo cholakwika si checkpoint ayi, ndi munthu amene anaiika pamalo osaganizira kuti wopanda zida atulukapo bwanji.

Pali chinanso chimene ongoyamba kumene sachiona. Ambiri mwa magemuwa amakuyang'anirani mwakachetechete ndi chinthu chotchedwa rank: mukamalemera zida ndi kukhalitsa osafa, zipolopolo za adani zimachuluka ndi kuthamanga, mukafa zimatsikako. Battle Garegga ya Raizing, ya 1996, imene Shinobu Yagawa anailembera pulogalamu, inazifikitsa patali. Kutola zida kumakweza rank, kuwombera kumene kumakwezanso, mpaka akatswiri amasiya zida zina zidutse osazitola, n'kumagundikiza ndege yawo dala kuti gemu ifewe, podziwa kuti mapointi awabwezera moyo wina. Kupereka moyo kuti upindule sikunayambire pamenepo: mu Galaga ya Namco, ya 1981, mumalola mdani wamkulu akube ndege, mukaiwombola mumawombera ndi ndege ziwiri zogundizana. Mukaphonya n'kuwombera yanu yomwe, mwaitaya basi.

Gradius V ya pa PlayStation 2, imene Treasure inapanga mu 2004, inasiya nkhaniyi m'manja mwa wosewera: mukhoza kudzuka pomwe mwafera n'kutolanso ma Option anu, kapena kusankha kubwerera pa checkpoint monga kale. Ine ndimasankha checkpoint. Ndipo inu amene mumasewera magemuwa pa foni kapena pa kompyuta n'kumasunga gemu masekondi aliwonse kuti mukafa mubwezere, tsiku lina tayesani kuisiya imfayo ikhale. Dzukani ndi kandege kaulesi kaja pakati pa gawo la moai, mitu ikuluikulu ya miyala, mu Gradius, mphete zikuuluka kuchokera m'kamwa mwake, muone ngati mungatole makapisozi asanu. Mukatha mubwere mudzanditsutse.