Anyamata a ku Kasungu, thumba limenelo mukunyamulira yani?

Ndayankhula pamaliro, ndayankhula pabwalo kwa amfumu, koma poti makutu anu masiku ano ali m'foni, ndamuuza mdzukulu wanga kuti andilembere pompano. Ndikunena ndi inu a kwa Chulu, kwa Lukwa, kwa Kaphaizi ndi midzi yonse yotsamira kugemu, nkhalango ya nyama zakutchire ya Kasungu, ndi inunso amene mumaswera padepoti paboma kudikira dilu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwana wa mlongo wanga ali m'ndende pamene ndikuyankhula pano. Ankadula mitengo ya chigafa, n'kupeza ngaka itadzipinda ngati nkhata pansi pa chulu. Ife tikukula, wotola ngaka ankathamangira nayo kwa mfumu. Iye anaiponya m'thumba la feteleza n'kukaibisa kunsi kwa bedi masiku atatu, akuipatsa madeya. Madeya! Nyama yodya nyerere ndi chiswe basi. Mnzake wa pabawo ndiye anamupatsa nambala ya "abwana a ku Lilongwe" amene amagula ndi mamiliyoni. Anapangana kukumana kuseri kwa resitihausi ina. Abwanawo anabwera awiri, ovala bwino ndithu. Anamasula thumba, n'kusuzumira, n'kugwedeza mutu, kenaka mmodzi anapisa dzanja m'thumba la jekete. Mnyamata ankati mukutuluka ndalama. Munatuluka unyolo.

Nditapita kukamuona anangoti, "Atsibweni, ine sindinaphe kanthu, ndinangotola." Ndiye pamene ambiri mukugwera pamenepa. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017. Pa ngaka, njovu ndi chipembere chilango chimatha kufika zaka 30, ndipo za chindapusa iwalani, palibe zoti achibale agulitsa ng'ombe n'kukakuombola. Safunsanso kuti unapha kapena unatola. Kungopezeka nacho, kaya m'nyumba, kaya pakabaza, kaya ndi kachidutswa ka mnyanga kamene wina wakusungitsa, mlandu ndi wako. Mnzake wa nambala uja foni anazimitsa tsiku lomwelo. Mkazi wa mwana wa mlongo wanga uja watsala ndi wakhanda kumbuyo, nazale ya fodya inauma osathiriridwa. Ndipo mamba a ngaka amene mukuwafera aja, madokotala a nyama amati ndi chimodzimodzi zikhadabo zanuzi. Munthu n'kusiya ana chifukwa cha chikhadabo?

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa mumandiyankha nazo pamaso: "Agogo, nanga njovu zikutidyera chimanga, boma limatilipira?" Sindikutsutsani. Inenso zinandilowera m'munda usiku umodzi, m'mawa ndinapeza mapesi okhaokha ndi ndowe zofuka nthunzi, maungu onse ataphwanyidwa, ndipo palibe anabwera ndi thumba ngakhale limodzi lopepesera. Chibwerereni njovu 263 zija anazitenga ku Liwonde mu 2022, anthu ena ataya miyoyo, ndipo ameneyo ndi mlandu woti mafumu ndi aphungu athu asautopere. Koma tandiuzani: amene amapita usiku ndi pulayasi kukadula waya wa mpanda kuti akatchere misampha ndi ndani? Ndi njovu? Iwe wadula waya kuti ukole gwape wa ndiwo za masiku awiri, pampata womwewo mawa patulukira gulu lonse n'kukathera m'munda mwa azakhali ako. Ndiye pamaliro ukhale patsogolo kutukwana agemu.

Msampha wa waya susankha. Ndinaonapo njati ikuyenda ndi waya atalowa mpaka pafupa, bala likununkha, ntchentche zili ng'waa. Njati yotere ndi imene imavulaza mayi wopita kukatola nkhuni. Mfuti za gogodera nazo, wosula amakuuzani kuti ndi yolimba, koma ndikudziwa anthu awiri amene lero amadya nsima ndi zala zitatu.

Ana inu simunaione gemuyi ili gemu. M'zaka za m'ma 1970 njovu zinalimo zoposa 1,000, pofika 2015 zinatsala ngati 50. Zipembere ndiye zinatheratu. Pa ndalama za minyanga yonseyo, ndisonyezeni nyumba imodzi ya malata m'mudzi mwanu imene inamangidwa nazo. Olemera nazo sitikuwadziwa nkhope. Ife tinkangonyamula.

Za kumtsinje ndiye zimandipweteka koposa, poti ndinakulira pa mono ndi mbedza. Chilimwe chikafika, madzi akaphwa mu Bua, mu Rusa ndi mu Dwangwa, mumathira mankhwala m'maiwe. Kale anthu ankasinja katupe, nayenso akulu ankakalipira. Inu mwafika pothira mankhwala opopera fodya ndi tomato. Matemba, milamba, achule, nkhanu, zonse kuyandama mimba zili m'mwamba, inu n'kumaola ndi lichero kukagulitsa pamsika. Kumunsi kwake mayi akutunga madzi omwewo, ng'ombe zikumwa. Neti ya udzudzu imene analandira mkazi wanu kusikelo mwaisandutsa khoka, ikukokolola ndi mazira omwe, mwana akugona pamtetete malungo akumugwira. Mpasa imachoka kunyanja kukwera Bua kudzaswa, ndiye ikapeza zimenezi mukuti chaka chamawa mudzagwira chiyani? Lamulo la usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Wapolisi akakugwira ndi botolo m'manja usamati wakudana nawe.

Sindikunena kuti aliyense wovala yunifolomu ndi mngelo. Alipo okonda "ya fanta" pamsewu, tonse timawadziwa. Wina akakumenya popanda chifukwa, pita ndi amfumu kwa akuluakulu ake ukadandaule. Koma zimene ndinaona tsiku lina, apolisi ndi agemu atabwera kudzatenga munthu wopezeka ndi nyama yowamba, anyamata n'kuyamba kugenda galimoto, amayi akuululutira, zija ndi uchitsiru. Anabwera kudzatenga mmodzi, anabwereranso kudzatenga asanu ndi mmodzi, ena mwa iwo sanalaweko n'komwe nthuli ya nyamayo. Ndi inu amayi, nyama ikalowa m'nyumba pakati pausiku mumaiona. Mumathira mchere, osafunsa kumene yachokera.

Mukatola ngaka, musaiike m'thumba. Isiyeni pomwepo, kapena uzani amfumu aimbire agemu kapena apolisi adzaitenge masana anthu akuona. Mukafuna matondo kapena uchi wa mugemu, funsani kukomiti ya m'mudzi za chilolezo, osangolowa ngati mukupita kudimba kwanu. Munthu wachilendo akakusungitsani katundu womanga n'kunena kuti musamasule, mubwezereni pomwepo.

Loweruka ndikupitanso kundende. Wandituma sopo, shuga ndi chithunzi cha mwana wake, akuti wayamba kuiwala nkhope. Mwanayo wayamba kukwawa sabata yatha.