Disk ikadzaza musamanamizire seva

Anzanga opanga mapulogalamu muno mu Blantyre, ndili nanu mawu. Timalimbikira kukongoletsa login page, kasitomala wa SACCO kapena wa famase ku Limbe n'kuwomba m'manja, koma zoti deta yake izikula bwanji pa chaka palibe amafunsa. Disk ikadzaza pakutha pa mwezi, anthu ali pamzere kudikira ndalama zawo, mlandu timaukankhira seva.

Masamu ake ngosavuta. Mapulogalamu osungira deta (ma database) amaika deta m'timagawo totchedwa mapeji: PostgreSQL imasunga deta m'mapeji a 8 KB, SQL Server chimodzimodzi, pomwe InnoDB, injini yosungira deta ya MySQL, imagwiritsa ntchito 16 KB. Row (mzere umodzi wa deta mu table) ikakhala ya ma byte 200, peji la 8 KB silifika ma row 40, poti ma header (timfundo tofotokoza peji ndi row iliyonse) nawo amadya malo. Ma transaction 5,000 pa tsiku, iliyonse row imodzi yotere, ndi 1 MB ndi kakusefukira, ma index (ofulumizitsa kusaka deta) apadera. Zochepa zedi.

Chotipha ndi zithunzi za ziphaso za unzika zomwe timaponya mu table momwemo. Chithunzi chojambula pa foni cha 2 MB, mamembala 10,000, basi 20 GB yapita, ndipo backup iliyonse imasenza katundu yenseyo pa intaneti yogula ndi bandulo. Ine ndimati zithunzi zikhale kunja, mu table musungemo njira yozipezera. Ena amati zonse zikhale pamodzi kuti backup ikhale imodzi, ndipo mamembala akakhala ochepa sindikangana nawo.

China chomwe ambiri amadzidzimuka nacho: DELETE, lamulo lofufutira deta, sabweza malo. Mu PostgreSQL row yofufutidwa imakhalabe pa peji mpaka VACUUM, yosesa ma row ofufutidwa, idutse, ndipo ikadutsa malowo amangodikira deta yatsopano, fayilo nthawi zambiri siyichepa. Yochepetsa fayilo ndi VACUUM FULL, koma imatseka table n'kuilemba yonse kachiwiri, choncho imafuna malo ena pa disk yomwe yadzaza kaleyo. Mwaona msamphawo? Fayilo ya ibdata1, imodzi mwa momwe MySQL imasungira deta, nayonso ikakula yakula.

Table yosinthidwa pafupipafupi, monga ya ma balansi, musaithithikize ngati minibasi ya ku Ndirande madzulo, momwe ukafuna kutulutsa ndalama m'thumba mpaka mnzako adzuke. Database ya Oracle imasiya 10 peresenti ya block (peji) iliyonse yopanda kanthu kudzera mu setting ya PCTFREE. PostgreSQL imadzaza peji la table mpaka 100 peresenti, ndiye tsitsani fillfactor, mlingo wodzazira peji, nokha kuti row yosinthidwa ipeze pokhala pa peji lomwelo. Table ya ma log (mbiri ya zochitika mu system), yomwe imangowonjezeredwa, isiyeni idzaze.

Pa quotation, pansi pa mtengo wa hosting, lembanipo ma GB omwe system idzadye chaka choyamba ndi chachitatu. Bwana akakana kugula disk yaikulu, akane ataiona nambalayo ndi maso ake.