Gitala ya ku Japan musaipeputse, koma dziwani chomwe mukugula

Anzanga oyimba, ena mukangoona mawu akuti Made in Japan pakhosi la Stratocaster, gitala yamagetsi ya kampani ya ku America ya Fender, mumayamba kukayika, ati si Fender yeniyeni. Ine maganizo amenewo ndimawakana.

M'zaka za m'ma 1970, Fender ili m'manja mwa kampani ya wailesi ndi kanema ya CBS, magitala ambiri a ku America ankatuluka olemera, ndipo ena khosi lake la mabawuti atatu linkagwedera m'malo mwake. Nthawi yomweyo a Tokai ndi Greco, a ku Japan, ankakopera magitala akale a Fender ndi Gibson mwaluso lodabwitsa. Fender itaona kuti msika ukupita, mu 1982 inakhazikitsa Fender Japan, ntchito n'kuipereka ku fakitale ya FujiGen ku Matsumoto, yomwe ija inkapanga Greco. Pamene CBS inagulitsa Fender mu 1985, fakitale ya Fender ya ku Fullerton, ku America, sinagulitsidwire limodzi, choncho kwa kanthawi dzina la Fender linadalira kwambiri magitala a ku Japan.

Ubwino wawo uli pa ntchito ya matabwa. Khosi limalowa bwinobwino m'dzenje lake, mafreti (tizitsulo topingasa pakhosipo) ndi osalala m'mphepete, sakanda chala. Zimenezi ndiye zovuta kukonza gitala ikabwera yolakwika.

Pofooka pawo ndi pa zamagetsi, makamaka pa mitundu yotchipa: ma pot (tizipangizo topotokola posintha voliyumu ndi toni) ang'onoang'ono, switchi ya pulasitiki yomwe imayamba kulira phokoso ikalowa fumbi, ndi mapikapu (tizipangizo totola mawu a nsambo) a maginito a ceramic omveka mouma. Apa a ku America amapambanadi, sindikutsutsa. Koma zonsezi zimasinthika. Ikani ma pot a kampani ya ku America ya CTS, olembedwa 250k ngati mapikapu ndi single coil (a koyilo imodzi), kapena 500k ngati ndi humbucker (a makoyilo awiri). Chenjerani ndi miyeso: Japan imagwiritsa ntchito mamilimita, America mainchi. Khosi la pot ya CTS, lomwe limalowa m'bowo, kunenepa kwake ndi pafupifupi mamilimita 9.5, pomwe bowo la ku Japan nthawi zambiri ndi 8 kapena kucheperapo. Likulitseni pang'onopang'ono ndi reamer ya pamanja (chitsulo chokulitsira mabowo), chifukwa dilu imang'amba penti pa gitala yomwe ma pot ake amalowa m'thabwa. Gulaninso zisoti zatsopano za ma pot, poti timano tomwe chisoti chimagwirapo pa CTS ndi 24, ta ku Japan 18, ndipo mukakakamiza mumathyola pot.

Musanapereke ndalama, werengani nambala ya mtundu. Pa Fender Japan zakale, ST62-70 ikutanthauza Stratocaster yotengera ya 1962 yomwe inkagulitsidwa ma yen 70,000. Nambala yomalizayo ikakwera, thabwa ndi mapikapu zimakhalanso zabwinopo. Zotsika zambiri ndi za basswood, thabwa lofewa lomwe limaphwanyika msanga likagundidwa, pomwe zapamwamba zimakhala za alder kapena ash. Ogulitsa ena amatchula mtengo wogulitsira ngati zonse ndi chimodzimodzi, zomwe si chilungamo.

Chinanso, zotengera zakalezi khosi lake ndi lokhota kwambiri pamwamba, radius ya mainchi 7.25, mafreti ake ang'onoang'ono. Mukatsitsa nsambo kwambiri, mawu amazima pokoka nsambo kupitirira freti ya 12. Si kuti gitala yawonongeka ayi. Kwezani pang'ono tizitsulo ta pa bridge (pomwe nsambo zimatsamira pathupi la gitala) ta nsambo ziwiri zing'onozing'ono, mawuwo abwerera.